Flossie Kalekeni ndi Maliro a ku Chennai

Flossie Kalekeni ndi mayi wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya ndiwo pamoto, koma mukakumana naye pa siteshoni ya Springburn ku Glasgow konzekani kuphonya sitima. Sadziwa kudutsa munthu. Afunsa za inu, za kunyumba, za mwana amene ankatsokomola mwezi watha, za mwendo wa apongozi anu, ndipo choipa chake n'chakuti yankho amalimvetsera ndithu. Anakulira ku Balaka, m'nyumba za ogwira ntchito ya njanji, ndipo pakhomo pa bambo ake mwana wolowa ndi nkhani asanapereke moni ankabwezedwa panja kuti akalowenso bwino.

Makompyuta anawadziwira ku koleji ku Blantyre, m'kalasi momwe atsikana anali owerengeka ndipo kompyuta imodzi ankalimbirana anthu angapo. Anagwirako ntchito ku banki, kenako anapeza mwayi wa sukulu ku Glasgow, ndipo atamaliza digiri yachiwiri kampani ina ya penshoni pakati pa tauni inamulemba ntchito. Iye ndi anzake ankasamala makina amene mwezi uliwonse amatumiza malipiro kwa anthu opuma pa ntchito. Makinawo anali okalamba ngati eni penshoniwo, ali ndi matenda awoawo ndi nthawi zawo zokwiya, ndipo Flossie anawadziwa mpaka kuwakonda.

Panali chingwe chimodzi chokha chimene chinkamugwira m'dzikomo. Viza yake inali yomangiriridwa ku kampaniyo. Mwamuna wake Lucius, amene amasamalira okalamba pa nyumba ina ku Govan, mu Glasgow momwemo, ndi mwana wawo wamkazi Temwani, onse anakolekedwa pa viza yomweyo. Kunatsala chaka ndi kanthu kuti apeze chilolezo chokhala mpaka kalekale. Kampani ikanamutaya nthawiyo isanakwane, iye n'kulephera kupeza ina yomusainira msanga, banja lonse likanakwera ndege. Kwawo n'kwawo, sankakuopa, koma kubwerera chifukwa chothamangitsidwa, mwana n'kumuzula pakati pa sukulu, atapirira kale kuzizira kwa zaka zonsezo, chimenecho chokha ndicho sankafuna n'kuchiganiza komwe.

Tsoka linabwera ndi masangweji. Ku maofesi a ku Glasgow mukaona abwana agula masangweji ndi makeke pa msonkhano pomwe si Khirisimasi, yambani kupemphera. Bwana wawo, mayi wamtali dzina lake Ishbel, anaima kutsogolo n'kuwerenga mawu oterera bwino. Tanthauzo lake linali lakuti ntchito yonse ya timu yawo yapatsidwa kwa kampani ina ya ku Chennai, ku India, komwe anthu ophunzira chimodzimodzi amaigwira pa mtengo wotsika. Mchira wa nkhaniyo ndiwo unawawa koposa: asanachoke, aliyense aphunzitse kaye munthu amene adzalowe m'malo mwake. Kunali kuuza nkhuku kuti inole yokha mpeni.

Pa desiki yoyandikana ndi Flossie pankakhala Rab, mzungu wa ndevu za imvi, amene bambo ake anakhoma zombo ku Govan mpaka tsiku limene anauzidwa kuti asabwerenso. Rab anati nyimbo imeneyi anaimva kale ali mwana. Iye ndiye anapeza kachibowo. Mu mgwirizano wa makampani awiriwo munali mayeso: mwezi wina a ku Chennai ayendetse malipiro okha, a ku Glasgow atapinda manja. Akalephera, akuluakulu akhalanso pansi, ndipo mwina ntchito zina zitsala. Choncho timu yonse inapangana chakumbali. Kunama ayi, kuwononga ayi, koma wofunsa chimodzi ayankhidwe chimodzi chomwecho, ndipo tsiku la mayeso aliyense akhale phee.

Flossie anavomera, ndipo anavomera ndi mtima wonse. Asakunamizeni munthu kuti anali mngelo. Anali ndi mantha, analinso ndi mkwiyo, ndipo anthu a ku Chennai amene sanawaonepo ankawada kale.

Kutchalitchi, komwe Amalawi amatsalira m'holo yozizira kumwa tiyi mapemphero akatha, aliyense anasanduka katswiri. A Goodwill, mkulu wa mpingo amene foni yawo amawatsegulira ndi adzukulu, analamula kuti Flossie aphunzire kilaudi, poti anamva kuti ntchito zonse zathawira kumeneko. Wina anati za chitetezo cha makompyuta ndiye zili pa msika, chifukwa akuba sapita pa tchuthi. Wachitatu anati angosiya zonsezo akhale namwino. Flossie anaseka, koma ya a Goodwill anaitola. Kilaudiyo, kunena mwachidule, ndi kuyendetsa zinthu za kampani pa makompyuta obwereka a kutali m'malo mwa makina a m'nyumba mwako. Anayamba kuiwerenga m'sitima popita ndi pobwera, ndiponso Loweruka ku laibulale, mutu ukuwawa ngati wa mwana wa Fomu 4.

Womulowa m'malo anali bambo wa magalasi, wolankhula motsitsa, dzina lake Senthil. Tsiku loyamba kuonana pa kanema wa pa kompyuta, Flossie anali atakonzeka kuumitsa nkhope. Koma pakamwa panamupereka. Asanazindikire anali atafunsa kale kuti wadzuka bwanji, kunyumba kuli bwanji, makolo alipo kodi. Senthil anacheuka ngati akufunsidwa wina kumbuyo kwake. Kenako anayankha kuti amayi ali bwino, koma bambo akudwala impso kumudzi, ulendo wautali pa sitima kuchokera ku Chennai. Basi, chidani chinavuta kuyambira pomwepo. Munthu amene wakuuza matenda a bambo ake sungamudenso bwinobwino. Mmawa uliwonse Flossie ankayamba ndi kufunsa za odwalawo, Rab uku akupukusa mutu, iye n'kumadziuza kuti moni ndi moni, ntchito ndi ntchito. Pa zophunzitsa anasungadi pangano. Ankayankha zofunsidwa zokha, ngakhale lilime linkamuyabwa akaona Senthil akulunjika pa dzenje limene iye ankalidziwa.

Tsiku la mayeso linafika kukugwa kamvula kaja ka ku Glasgow kosadziwa kuyamba kapena kuleka. Mu ofesi munali bata lachilendo, anthu atapinda manja monga anauzidwira, ena akubisa kumwetulira. Senthil anaonekera pa kanema nthawi yake, malaya ositidwa, maso ofiira.

"Bambo agona bwanji lero?" anafunsa Flossie.

"Atisiya m'bandakucha," anatero Senthil, n'kupitiriza kutsegula mafayilo.

Flossie anamufunsa chimene akuchita pa ofesi. Senthil anafotokoza mofatsa kuti iye ndi mwana wamwamuna woyamba, ndipo pa mwambo wawo ndiye woyenera kutsogolera zonse poperekeza bambo ake, ndiponso kuti kwawo thupi salisunga nthawi yaitali. Koma gawo la malipiroli ndi iye yekha amene analiphunzira, ndipo bwana wake anamuuza kuti tchuthi atenga mayeso akatha. Akachoka zinthu n'kuwonongeka, ntchito yatha, pomwe amayi ndi alongo ake akuyang'ana kwa iye.

Apa m'pamene Flossie anasokonekera, ndipo Mmalawi aliyense adziwa chifukwa chake. Ku Balaka namfedwa satunga madzi, sasonkha moto, sagwira khasu. Anthu amangolowa pakhomo osaitanidwa n'kugawana ntchito, ndipo ngakhale amene munalimbirana naye malire a munda amanyamula khasu lake kupita kumanda. Palibe amapempha chilolezo kwa wina aliyense. Maliro n'kulirana. Kuona munthu atakhala pa kompyuta, thupi la bambo ake lili pa mphasa kumudzi, kwa iye chinali chinthu chonyansa, chochititsa manyazi aliyense wochionerera, ndipo woonerera anali iyeyo. Viza anaikumbukira, asaname. Anaikumbukira bwinobwino.

"Tseka kompyutayo," anatero. "Nyamuka ukakwere sitima. Namfedwa sagwira ntchito."

Senthil anamukumbutsa kuti a ku Glasgow saloledwa kukhudza kanthu tsiku limenelo, ndipo anawonjezera motsitsa kuti akudziwa chimene anzake a Flossie akuyembekezera, poti iye si mwana.

"Inenso ndikudziwa," anatero Flossie. "Pita ukaperekeze bambo ako."

Sanabise kanthu. Analembera Ishbel ndi mabwana a ku Chennai kuti Senthil ali pa maliro ndipo iye wagwira malo ake, ndipo sanadikire yankho. Anaitana anzake a Senthil pa kanema n'kuyamba ntchito. Tsono poti madzi anali atatayika kale, lilime lija linamasuka. Anawaonetsa fayilo imene imakakamira mwezi ukathera Lachisanu, malo amene makinawo amanama kuti amaliza pomwe sanamalize, ndi mankhwala a matenda ena onse amene anawasunga m'mutu miyezi yonse ija. Pofika madzulo malipiro anali atapita opanda banga. Okalamba analandira penshoni zawo osadziwa kuti kwachitika kanthu.

Ishbel anamuitanira m'kachipinda n'kumudzudzula chifukwa chophwanya lamulo la mayeso. Koma akuluakulu a pamwamba, amene ankangofuna chifukwa chosainira, anati mayeso ayenda bwino, ndipo anayamikira mgwirizano wokoma wa matimu awiriwo. Kachibowo kaja kanatsekeka, ndipo amene anakatseka aliyense ankamudziwa.

Rab sanakalipe. Anangonena kuti Flossie wawagulitsa onse chifukwa cha munthu amene sanamugwirepo chanza.

"Akanakhala bambo ako, Rab, ndikanachita chimodzimodzi," anatero Flossie.

"Bambo anga anamwalira kale," anatero Rab. "Ine ndili ndi ana amoyo."

Mawu amenewo anamulasa, chifukwa sanali abodza. M'sitima yobwerera ku Springburn analira mwakachetechete, atayang'ana pawindo kuti anthu asamuone, ndipo buku la kilaudi sanalitsegule.

Kunyumba Lucius anamvetsera nkhani yonse ali chiimire, yunifolomu ya kuntchito asanavule.

"Ndiye mwawahelupa anthu oti akukulandani ntchito? Mayi a Temwani, viza ija mwaiiwala kapena?"

Flossie anati sanaiiwale. Lucius anayenda kupita kukhitchini, anabwerako, anapitanso, akung'ung'udza za anthu a mtima wabwino amene amagonetsa ana ndi njala. Kenako anaima pakhomo n'kufunsa ngati amayi a mnyamatayo awapepesa kale, poti kuthandiza ntchito kokha osapepesa maliro n'kupanda mwambo. Mmawa mwake awiriwo anaimba foni ku mudzi wina wa kum'mwera kwa India, n'kupepesa mayi amene sankamva Chingerezi ngakhale Chichewa, Senthil akumasulira uku akulira.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Tsiku lochoka linalengezedwa. Mayeso a kilaudi Flossie anakhoza, ndipo a Goodwill anayenda m'holo monse akuuza anthu kuti nzeruyo inali yawo. Ma intavyu ankayenda bwino zedi mpaka pa funso la viza. Akangomva kuti afunika kumusainira, anthu amene amaseka naye posachedwa ankayamba kuyang'ana mawotchi, n'kulonjeza kuti amuimbira. Ena anamuuza mosabisa kuti ntchito ngati yakeyo nawonso akuitumiza kunja. Temwani sanauzidwe kanthu, koma makoma a mafulati a ku Springburn ndi opyapyala. Tsiku lina pa chakudya anafunsa, m'Chingerezi chake chija chomeza mawu, ngati n'zoona kuti akupita kwawo, n'kuwonjezera kuti iye amayesa kwawo ndi konkuno. Tsiku limenelo mpunga unatsala m'mbale.

Foni inabwera sabata yomaliza, Flossie akulongedza makapu ndi zithunzi za pa desiki. Anali mayi wina wa ku Chennai, dzina lake Revathi, mkulu wa timu yonse ya Senthil. Sanazungulire. Anati kampani ya penshoni yayamba kudandaula kuti ikufuna munthu wa pafupi, woti ikhoza kukhala naye pa tebulo zinthu zikavuta, osati nkhope za pa kanema zokha. Anatinso makina akale aja akufuna kuwasamutsira ku kilaudi. Tsono pakufunika munthu wokhala ku Glasgow komweko, wodziwa makina akalewo, wodziwa kilaudi, ndiponso woti a ku Chennai akamamva mawu ake asamabise zolakwika. Anafunsa timu yake yonse, ndipo dzina linatuluka limodzi.

"Amene ndinamukaniza Senthil tchuthi ndine," anatero mayiyo. "Uthenga wanu uja ndinauwerenga ndili ndi manyazi."

Musaganize kuti ntchitoyo anangomuninkha ngati nthochi. Intavyu inali yoopsa kuposa zonse zimene anachitapo, anthu akumupanikiza ndi mafunso a kilaudi mpaka thukuta kutuluka m'nyengo yozizira, ndipo zimene anawerenga m'sitima zija zinagwira ntchito yake. Ulendo uno funso la viza analifunsa yekha, iwo asanalifike. Revathi anayankha kuti kampani yawo ili ndi nthambi m'dzikomo, ndipo idzasaina.

Si onse anatuluka bwino. Anzake ena anapeza ntchito msanga, ena anavutika. Rab anakhala pakhomo nthawi yaitali asanapeze malo ku Edinburgh, ndipo akakumana ndi Flossie pa siteshoni amangogwedeza mutu n'kupitirira. Flossie zimamupweteka mpaka lero, ndipo sanayesepo kudziuza kuti Rab analakwa.

Uthenga wakuti viza yatsopano yatuluka unamupeza masana ali pa pulatifomu. Anauwerenga, anauwerenganso, kenako mayi wa digiri ziwiri uja anaimba nthungululu pakati pa azungu odikira sitima, nkhunda zonse n'kuuluka. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Chimwemwe chake chinali chachikulu moti masitepe a ku fulati kwawo anawakwera chothamanga, chikwama chikumumenya kumsana.

Lucius anali atangoweruka. Anawerenga uthengawo pa foni, anakhala pansi, anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi manja. Atakweza mutu anati pali kanthu kena koti aone, n'kutenga kiyi pa msomali. Anatsika naye mpaka pansi, ku kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa masitepe, kumene Flossie sankapitako chifukwa cha akangaude. Mkatimo munali madiramu awiri abuluu, aja Amalawi amatumizira katundu kumudzi pa chombo. Onse anali odzaza. Lucius anakhala akulongedza pang'onopang'ono masiku amene mkazi wake anali ku ma intavyu: masuti ake, mapoto aakulu a alendo, mabulangete, mabuku a Temwani a ku pulayimale, ma satifiketi atakulungidwa m'chitenje. Anati sanafune kuti tsikulo likafika awapeze ali balala, ndipo sanafunenso kuti Flossie aone kuti mwamuna wake wataya mtima.

"Bambo a Temwani, mapoto anga ndakhala ndikuwafuna mwezi wonse," anatero Flossie, misozi ili mbwembwembwe. "Ndinafika pomuganizira mayi Fanny wa kutchalitchi."

Anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anayamba kutulutsa katundu. Temwani pobwera kusukulu anapeza makolo ake akukwera ndi kutsika masitepe, wina mapoto, wina mabulangete pamutu, ndipo atauzidwa nkhaniyo anaponya chikwama pansi n'kunyamula mabuku ake. Flossie ali pa ulendo wina wokwera, anakumana ndi bambo wobweretsa maphukusi, amene anapatuka kuti adutse. Bamboyo anayang'ana madiramu, anayang'ana mapoto, n'kufunsa mwaulemu ngati akusamuka kapena akulowa kumene.

Flossie anakonza poto pamutu pake.

"Tikulowa," anatero, n'kupitiriza kukwera.